Phunziro 6: Mneni wa Kupatsa m'Chinyanja, m'Chipwitikizi ndi m'Chipolishi

Zolinga za phunziroli

Pomaliza phunziroli tiyenera kukhala okhoza:

a) kufotokoza kusiyana kwa aneni *kupatsa* ndi *kupereka* pa kamangidwe ka chiganizo;
b) kuzindikira kumene kumachokera zolakwa za ana pa mneni wa Chipwitikizi *dar*;
c) kukonza phunziro lowolotsa ana kuchoka pa zimene akudziwa m'Chinyanja kupita pa zimene Chipwitikizi cholemba chimafuna.

1. Mawu oyamba

Tiyerekeze kuti tili m'kalasi yachisanu pa sukulu ina m'munsi mwa phiri la Domwe. Ana auzidwa kuti alembe ziganizo zitatu m'Chipwitikizi zokhudza tsiku lotsegulira sukulu, ndipo mtsikana wina walemba kuti: *Eu fui dada um caderno pelo professor.* Mphunzitsi wadula mzere wofiira, walemba *errado* pambali, nabweza kope. Mtsikanayo sakuona pamene walakwa. Nthawi ya mneni waipeza, wakumbukira kuti iye ndi wamkazi nalemba *dada* m'malo mwa *dado*, ndipo *pelo* wamuika pamalo pake. Mawa adzalembanso chimodzimodzi, kapena adzaleka kulemba ziganizo zazitali chifukwa choopa cholembera chofiira.

Chiganizo chimene chinali m'mutu mwa mwanayu n'chopanda banga: *Ndapatsidwa kope ndi aphunzitsi.* Iye wamanga nyumba ya Chipwitikizi pa maziko a Chinyanja, ndipo waimanga mwaluso. Chimene sanauzidwe ndi chakuti pa mneni ameneyu maziko a zilankhulo ziwirizi ndi osiyana.

Maphunziro a zilankhulo ziwiri adayesedwa koyamba m'dziko lathu kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo chigawo cha Tete, ndi Chinyanja chake, chidali chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene zidasankhidwa. China chidali Gaza, kumene adagwiritsa ntchito Chichangana. Kuyambira 2003 njirayi idalowa m'dongosolo la sukulu za pulayimale. Mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo, ndipo Chipwitikizi chimalowa pang'onopang'ono kufikira chitakhala chilankhulo chophunzirira. Pamene pamavuta ndi pa chiwoloko chimenechi, ndipo wogwira mwana dzanja powoloka ndi ife. Sitingathe kumuwolotsa ngati galamala ya chilankhulo chathu timangoilankhula koma osatha kuifotokoza. N'chifukwa chake phunziro lonseli taliika pa mneni mmodzi, amene mwana amamutchula tsiku lililonse chiyambire pamene adaphunzira kulankhula.

2. Aneni awiri, kamangidwe kawiri

Paliponse pamene pali kupatsana pamakhala mbali zitatu: wopatsa, wolandira, ndi chinthu chimene chikuchoka m'manja mwa wina kulowa m'manja mwa mnzake. Chilankhulo chilichonse chiyenera kupeza njira yosonyezera womvera kuti ndani ali mbali iti. Chinyanja, chimene ambiri kuno ku Angónia timachitchula Chichewa, chili ndi aneni awiri akuluakulu pa ntchito imeneyi.

(1) Aphunzitsi apatsa Joana kope.
(2) Aphunzitsi apereka kope kwa Joana.

Chochitika n'chimodzi, koma ziganizozi zamangidwa mosiyana. Tiziyese ndi miyeso itatu.

Muyeso woyamba ndi malo. Pa *kupatsa*, wolandira ndiye amatsatana ndi mneni, chinthu chimabwera pambuyo, ndipo palibe mperekezi aliyense pakati pawo. Tikasinthanitsa n'kunena kuti *Aphunzitsi apatsa kope Joana*, khutu limadodoma. Pa *kupereka*, chinthu ndicho chimatsatana ndi mneni, ndipo wolandira amatsogozedwa ndi mperekezi *kwa*.

Muyeso wachiwiri ndi kamawu kamene kamalowa m'kati mwa mneni kuimira pamtherankhani. Pa *kupatsa* kamaimira wolandira: *Aphunzitsi amupatsa kope*. Tikanena kuti *Aphunzitsi alipatsa Joana*, zimamveka ngati kope ndilo lalandira mwana. Pa *kupereka* kamaimira chinthu: *Aphunzitsi alipereka kwa Joana*.

Muyeso wachitatu ndi msintho wochitidwa. Pa *kupatsa*, amene amakwera kukhala mwininkhani ndi wolandira. Pa *kupereka*, chimakwera ndi chinthu.

(3) Joana wapatsidwa kope ndi aphunzitsi.
(4) Kope laperekedwa kwa Joana ndi aphunzitsi.

Tiyenera kusamala kuti tisasokoneze ziwirizi, pakuti *Joana waperekedwa* ndi nkhani ina ndithu, ndipo ikhoza kukhala ya ukwati kapena ya kupolisi. Masiku ano timamva ena, makamaka pa wailesi, akunena kuti *mphoto yapatsidwa kwa uje*. Pamenepo *kupatsa* wabwereka kamangidwe ka mnzake.

Miyeso itatu yonseyi ikuloza ku mfundo imodzi: maso a *kupatsa* ali pa munthu wolandira, pamene maso a *kupereka* ali pa chinthu. Umboni wina ndi uwu. Munthu akanena kuti *Ndapereka ndalama*, mawu atha. Akanena kuti *Ndapatsa ndalama*, womvera amafunsa msanga kuti, "Mwapatsa yani?" Katswiri wa ku Malawi Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 lofotokoza kamangidwe ka ziganizo za Chichewa, adasonyeza kuti m'chilankhulo chathu maina awiri otsatira mneni salingana mphamvu, mmodzi yekha ndiye amakhala ndi ufulu wa pamtherankhani weniweni. Si zilankhulo zonse za Chibantu zimene zimatero. M'Chichaga cha ku Tanzania maina onse awiri akhoza kukwera kukhala mwininkhani.

Tsinde *-pats-* silisintha ngakhale tiphatikizepo zingati: *ndi-ku-pats-a, a-da-ti-pats-a, mu-dza-wa-pats-a*. Misintho yonse imabwera kumapeto kwa tsinde: *kupatsana, kupatsidwa, kupatsira, kupatsirana*. Polamula, mneni akakhala ndi kamawu ka wolandira, amathera ndi *-e*: *ndipatse, mupatse, tipatseni*. Ulemu umalowanso m'mneni momwemo. Mwana sanena kwa agogo ake kuti *ndipatse*. Amanena kuti *ndipatseniko* kapena *mundipatseko, agogo*, atagwada kapena atanjuta, ndipo polandira amatambasula manja onse awiri.

3. Kumene mawuwa adachokera

Akatswiri amene adayerekeza zilankhulo za Chibantu, monga Malcolm Guthrie m'mabuku ake anayi amene adatuluka pakati pa 1967 ndi 1971, adapeza kuti tsinde lakale lotanthauza kupatsa lidali lalifupi kwambiri: *-pa*. Likadalipo m'zilankhulo zambiri zotizungulira. Mswahili amati *nipe maji*, Mshona amati *ndipe mvura*, Mzulu amati *ngiphe amanzi*, ndipo onsewa akupempha madzi.

Chitsanzo cha Chizulu chiyenera kutikhudza ife a kuno, pakuti dzina la boma lathu lidachokera kwa Angoni, amene adafika m'mapiri ano m'zaka za m'ma 1800 akulankhula chilankhulo cha pachibale ndi Chizulu. M'Chizulu *ukupha* ndi kupatsa, pamene m'Chinyanja *kupha* ndi kuchotsa moyo. Mawu akuti *ngiphe* ndi *ndiphe* akufanana m'khutu, koma wina akupempha mphatso, wina akupempha imfa. Chitsanzo chimenechi ana amachikonda, ndipo chimawaphunzitsa kuti kufanana kwa mamvekedwe si umboni wa kufanana kwa tanthauzo.

Chinyanja sichidasunge *-pa* payekha. M'malo mwake tili ndi *-patsa*, ndipo abale athu Anyungwe a mumzinda wa Tete ndi Asena ali ndi *-pasa*. Tikayang'ana aneni monga *kuchoka* ndi *kuchotsa*, *kudzuka* ndi *kudzutsa*, *kuleka* ndi *kuletsa*, tiona kuti *-tsa* amabweretsa ganizo la kuchititsa. Tsono pambali pa *kupatsa* pali mneni *kupata*, amene timamumva m'mawu akuti *wapata chuma* kapena *anthu opata*. Kupatsa munthu ndiko kumuchititsa kuti apate. Chiswahili chidayenda njira yofanana pamene *kupata* adabala *kupasha*, monga m'mawu akuti *kupasha habari*, kudziwitsa munthu nkhani. Apa tikumvetsa chifukwa chake maso a *kupatsa* ali pa munthu: wochititsidwa kupatayo ndiye mwini wake wa mneniyo.

*Kupereka* ali ndi mbiri ina. M'Chiswahili *kupeleka* ndi kutumiza kapena kupita nacho chinthu kwina. M'Chinyanja ganizo la ulendo likuonekabe mu *kuperekeza*. Chinthu choperekedwa chimayenda kuchoka pano kupita apo, ndipo n'chifukwa chake chimafuna *kwa* kapena *ku* wosonyeza kumene chikupita. Ngakhale dzina lakuti *mperekezi*, limene timatchulira mawu onga *kwa*, lidatuluka m'tsinde lomweli.

Pali mneni wachitatu, *kuninkha*, amene amapezeka m'mabuku akale ndi pakamwa pa achikulire a madera ena. Ndi mbale wake wa *ukunika* wa m'Chizulu. Mwana akabwera naye m'kalasi tisamukane. Timulembe pa bolodi pambali pa anzake awiri aja. Dzina lakuti *mphatso* lidachokera ku *-patsa*, ndipo *p* adasanduka *ph* chifukwa cha *m* wa kumayambiriro, monga *-tuma* adabalira *nthumwi*.

4. Matanthauzo

Si zonse zimene timapatsana zimagwirika ndi manja. Timapatsana moni, ulemu, mpata, nzeru ndi mphamvu. Mfumu imapatsa munthu malo, ndipo bwalo limapatsa wolakwa chilango. Matenda timapatsirana. Mwamuna amapatsa mkazi pakati. Mneniyu akaima yekha, wopanda wolandira ndi chinthu, amanena za khalidwe: *amayi aja amapatsa*, kutanthauza kuti si omana. Mwambi wakuti *kupatsa n'kuika* waima pa tanthauzo limeneli, ndipo umakumbutsa kuti chimene wapatsa mnzako lero udzachipeza tsiku la njala.

*Kupereka* amakonda nkhani za dongosolo ndi za pagulu. Timapereka msonkho, nsembe, umboni, dandaulo, chitsanzo ndi malipiro a kuchigayo. Ali ndi tanthauzo linanso lowawa: kupereka mnzako m'manja mwa adani. Pambali pa aneni awiriwa pali ena amene amasonyeza mtundu wa kupatsako, monga *kugawira*, *kukongoza* ndi *kubwereka*. Womalizayu ali ndi nkhope ziwiri, pakuti *ndabwereka khasu* ndi mawu a wolandira, pamene *ndamubwereka khasu* akhoza kukhala mawu a mwini khasu. M'Chipwitikizi cholemba *emprestar* ndi wa mwini khasu yekha, ndipo wolandira amati *pedir emprestado*.

5. Mneni *dar* ndi malo anayi opunthwirapo

Chipwitikizi chili ndi kamangidwe kamodzi kokha pa mneni *dar*, ndipo ndi kofanana ndi ka *kupereka*.

(5) O professor deu um caderno à Joana.
(6) O caderno foi dado à Joana pelo professor.

Vuto limayamba pamene ife aphunzitsi tilemba pa bolodi kuti *dar = kupatsa* n'kulekera pomwepo. Tanthauzo talondola, koma mwana amatenga tanthauzolo pamodzi ndi kamangidwe kake. Kuchokera pamenepo amapunthwa malo anayi.

Poyamba, amasiya mperekezi *a* ndipo amatsogoza wolandira: *O professor deu Joana caderno.* Ichi ndi chiganizo (1) chitavala mawu a Chipwitikizi. Mperekeziyo ndi wovutanso kumumva, chifukwa amalumikizana ndi mawu otsatira n'kukhala *ao, à, aos, às*.

Kachiwiri, amakweza wolandira kukhala mwininkhani: *Eu fui dada um caderno.* Ichi ndi chiganizo (3). Chipwitikizi cholemba chimalola chinthu chokha kukwera. Wofuna kuyamba ndi iye mwini ayenera kunena kuti *Recebi um caderno* kapena *Deram-me um caderno*.

Kachitatu, amasokoneza *lhe* ndi *o* kapena *a*. M'Chinyanja *-mu-* ndi mmodzi mu *ndamuona* ndi mu *ndamupatsa*. M'Chipwitikizi ndi awiri: *vi-o* koma *dei-lhe*. Mwana amene walemba *vi-lhe* watsata lamulo la kwawo.

Kachinayi, amafunafuna tsinde losasintha ngati *-pats-* ndipo salipeza. Mu *dou, dás, dá, damos, dão* ndi mu *dei, deste, deu, demos, deram* chimene chatsala ndi *d* yekha. Ndiponso munthu wochita amasonyezedwa kumapeto kwa mneni, pamene mwana adazolowera kumupeza kumayambiriro. Pamenepa palibe njira yachidule. Mawuwa ayenera kulowezedwa m'ziganizo zenizeni.

Kalankhulidwe ka mtundu woyamba ndi wachiwiri si ka ana okha. Kamamveka pamsika wa ku Ulongwe, m'maofesi ndi m'mizinda yonse ya dziko lino. Perpétua Gonçalves, wa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, adakafotokoza m'buku lake la 2010 lonena za chiyambi cha Chipwitikizi cha ku Mozambique, nasonyeza kuti kamagwirizana ndi galamala ya zilankhulo za Chibantu. Choncho mwana amakamva kwa akuluakulu ndipo amakayesa kolondola. Koma mayeso, makalata a boma ndi mabuku amatsata Chipwitikizi cholemba. Udindo wathu ndi kumupatsa mwana kamangidwe kamene adzafunsidwe pa mayeso, popanda kumuchititsa manyazi ndi kalankhulidwe ka makolo ake.

Matanthauzo nawonso sagwera pamodzi nthawi zonse. *Dar aulas* ndi kuphunzitsa, *dar à luz* ndi kubereka, *não dá* ndi kunena kuti sizitheka, ndipo *a machamba deu muita batata* ndi munda umene wabereka kachewere wambiri. Mbali inayo, kupatsa moni ndi *cumprimentar*, kupereka msonkho ndi *pagar imposto*, ndipo kupatsira matenda ndi *transmitir*.

6. Tikhale ana kwa kanthawi: mneni wa Chipolishi *dać*

Ife tidawoloka kale, ndipo zilankhulo zonse ziwiri zidakhazikika m'mitu mwathu kotero kuti tidaiwala kuzama kwa madziwo. Kuti tikumbukire, titenge chilankhulo chachitatu chimene sitichidziwa. Tasankha Chipolishi, cholankhulidwa ndi anthu pafupifupi 40 miliyoni, makamaka ku Poland. Si chachilendo kotheratu m'chigawo chino cha Africa, pakuti Adam Kozłowiecki, wansembe wa ku Poland amene adafika ku Northern Rhodesia mu 1946, ndiye adakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959.

Mneni wa kupatsa m'Chipolishi ndi *dać*, amene amamveka pafupifupi ngati "dach". Nawa mawu atatu: *nauczyciel* ndi mphunzitsi, *uczeń* ndi wophunzira, *książka* ndi buku. *Dał* ndi "adapatsa". Tisanawerenge ndime yotsatira, aliyense alembe amene wapatsa ndi amene walandira m'ziganizo izi:

(7) Nauczyciel dał uczniowi książkę.
(8) Uczniowi dał książkę nauczyciel.
(9) Nauczycielowi dał książkę uczeń.

Ambiri a ife tilondola (7): mphunzitsi adapatsa wophunzira buku. Pa (8) tiganiza kuti wopatsa ndi wophunzira chifukwa ndiye ali poyamba, ndipo pa (9) tiganiza kuti ndi mphunzitsi. Pa zonse ziwiri talakwa. Chiganizo (8) n'chimodzimodzi ndi (7), ndipo mu (9) wophunzira ndiye adapatsa mphunzitsi buku. Chipolishi sichidalira malo, ndiponso pano sichidalira mperekezi. Chimasintha mathero a dzina lenilenilo. Dzina likathera ndi *-owi* m'ziganizozi, ameneyo ndiye wolandira, kaya ali poyamba kaya pomaliza, ndipo *książka* wasanduka *książkę* posonyeza kuti ndicho chinthu choperekedwa. Maina a Chipolishi ali ndi maonekedwe asanu ndi awiri otere, ndipo a wolandira amatchedwa *celownik*.

Tiime pamenepa ndi kudzifunsa chimene chatilakwitsa. Sitidalakwe chifukwa cha ulesi kapena kuchepa nzeru. Tidatenga lamulo limene limatitumikira bwino m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, lakuti wotchulidwa poyamba ndiye wochita, n'kuliika pamene siligwira ntchito. Wina akadangotilembera *errado* sitikadaphunzirapo kanthu. Tamvetsa pamene tasonyezedwa kamawu kamodzi, *-owi*, ndi ntchito yake.

Chipolishi chili ndi zina zotithandiza kuona zilankhulo zathu. Chili ndi aneni awiri a kupatsa, *dać* ndi *dawać*, koma kusiyana kwawo si kwa *kupatsa* ndi *kupereka*. *Dać* amanena za kupatsa kumene kwachitika n'kutha, pamene *dawać* amanena za kupatsa kopitirira kapena kobwerezabwereza.

(10) Mama dała dziecku chleb. Amayi adapatsa mwana mkate. A mãe deu pão à criança.
(11) Mama dawała dziecku chleb. Amayi ankapatsa mwana mkate. A mãe dava pão à criança.

Ganizo ndi limodzi m'zilankhulo zitatu. Chinyanja chalisonyeza ndi *-da-* ndi *-nka-* patsogolo pa tsinde, Chipwitikizi ndi mathero a mneni, Chipolishi ndi aneni awiri. Apa tapeza njira yophunzitsira *deu* ndi *dava*: mwana amadziwa kale kusiyana kwa *adapatsa* ndi *ankapatsa*. Tionenso kuti mneni wa Chipolishi amasonyeza ngati wopatsa ndi mwamuna, *dał*, kapena mkazi, *dała*, chimene Chinyanja sichichita. Ndipo popeza chinthu chotha sichingakhale chikuchitika tsopano, *dam* amatanthauza "ndidzapatsa", pamene "ndikupatsa" ndi *daję*.

Pamene ife timabala aneni atsopano pophatikiza kumapeto kwa tsinde, Apolishi amaphatikiza kumayambiriro: *oddać* ndi kubweza, *rozdać* ndi kugawa, *dodać* ndi kuwonjezera, *sprzedać* ndi kugulitsa. Matanthauzo ake amafalikiranso ngati a *dar*. *Dać znać*, kupatsa kudziwa, ndi kudziwitsa. *Dać radę* ndi kukwanitsa. Ndipo *nie da się* ndi *não dá* weniweni, sizitheka.

Kufanana kumeneku sikudangochitika. *Dar* adachokera ku mneni wa Chilatini *dare*, ndipo *dare* ndi *dać* ndi mphukira za tsinde limodzi lakale, *dō-*, la banja la zilankhulo limene m'Chipwitikizi amalitcha *indo-europeu*. Tsinde lomwelo lili mu *didōmi* wa Chigiriki chakale ndi mu *dadāti* wa Chisansikiriti cha ku India. M'Chipolishi muli ngakhale dzina lakuti *dar*, lotanthauza mphatso. Mawu akuti *data*, amene timalemba pamwamba pa bolodi m'mawa uliwonse, ndi a m'banja lomweli: m'Chilatini amatanthauza "yaperekedwa", ndipo ankalembedwa pa kalata posonyeza malo ndi tsiku limene kalatayo yaperekedwa. Monga *-pa* alumikiza Mswahili, Mshona ndi Mzulu, *dō-* alumikiza Mpwitikizi ndi Mpolishi. Banja lililonse lili ndi mbiri yake ndi malamulo ake, ndipo ana athu ayenera kumva kuchokera kwa ife kuti chilankhulo chawo chili ndi zonse ziwiri.

7. Kuwolotsa ana

Mlatho umene tikufuna uli kale m'kamwa mwa mwana, ndiwo *kupereka*. Njira imene tikupereka pano ikhoza kugawidwa m'masiku angapo.

Tiyambe m'phunziro la Chinyanja, ndi zinthu zogwirika: chisononkho, kachewere, kope, choko. Ana awiri abwere kutsogolo, wina apatse mnzake chinthu mwaulemu wa kwathu, ndipo kalasi iyankhe mafunso atatu: Ndani wapatsa? Wapatsa yani? Wamupatsa chiyani?

Kenaka ana asandutse chiganizo chilichonse cha *kupatsa* kukhala cha *kupereka*, pakamwa poyamba, m'makope pambuyo. *Tadala wapatsa Mateus choko* chikhale *Tadala wapereka choko kwa Mateus*. Tisafulumire pamenepa. Ana okha anene chimene chasuntha ndi mawu amene awonjezeka.

M'phunziro la Chipwitikizi tilembe chiganizo cha *kupereka* pamwamba ndi cha *dar* pansi pake, mawu pansi pa mawu anzake, kotero kuti *ao* kapena *à* agwere pansi pa *kwa*.

Tadala | wapereka | choko | kwa Mateus.
A Tadala | deu | o giz | ao Mateus.

Lamulo lake tilinene m'Chinyanja, kamodzi ndi momveka: *dar* amayenda ngati *kupereka*, pamene pali *kwa*, pafunika *a*. Zikatero tibwerere m'Chipwitikizi ndi kuyeseza ziganizo zambiri.

Ana akakhazikika, tiwasonyeze kuti *lhe* ndi *kwa iye*. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati m'Chinyanja tingathe kunena kuti *kwa iye*, monga *ndapereka kwa iye*, ndiye *lhe*, ngati sitingathe, pakuti sitinena kuti *ndaona kwa iye* pofuna kunena kuti tamuona, ndiye *o* kapena *a*.

Pomaliza tifike pa *ndapatsidwa*. Tiwauze ana poyera kuti mawu amenewa ndi Chinyanja chabwino, koma alibe mnzake wolingana naye m'Chipwitikizi cholemba. Ali ndi njira ziwiri zozungulira: *andipatsa*, ndiye *deram-me*, kapena *ndalandira*, ndiye *recebi*. Mtsikana wa m'munsi mwa Domwe uja, m'malo mwa *errado*, tikadamulembera pambali funso ili: "Nena m'Chinyanja ndi mneni *kulandira*, kenaka ulembenso." Akadakonza yekha.

Mwachidule

*Kupatsa* amayang'ana wolandira, *kupereka* amayang'ana chinthu. *Dar* ali ndi tanthauzo la onse awiri koma kamangidwe ka *kupereka* yekha. Chinyanja chimasonyeza wolandira ndi malo ake m'chiganizo, Chipwitikizi ndi mperekezi, Chipolishi ndi mathero a dzina. Cholakwa cha mwana chikamabwerezeka mofanana, tifufuze lamulo la Chinyanja limene lili pansi pake tisanagwire cholembera chofiira.

Ntchito

1. Yesani aneni *kuuza*, *kuonetsa*, *kumana* ndi *kutumiza* ndi miyeso itatu ya m'gawo 2. Ndi ati amene amayenda ngati *kupatsa*, ndipo ndi ati ngati *kupereka*? Lembani anzawo a m'Chipwitikizi ndi zolakwa zimene mukuyembekezera kwa ana.

2. Mwana walemba kuti *Nós fomos ditos para trazer enxadas.* Lembani chiganizo cha Chinyanja chimene chinali m'mutu mwake, fotokozani gwero la cholakwacho, ndipo lembani mawu amene mungamulembere pambali.

3. M'Chipolishi *brat* ndi mchimwene ndipo *sąsiad* ndi mnansi. Ndani wapatsa ndipo ndani walandira mu *Sąsiadowi dał książkę brat*? Mwadziwa bwanji?

4. Funsani achikulire awiri a kwanu mawu onse amene amawadziwa onena za kupatsana pa ukwati, pa maliro ndi pa nthawi yokolola. Bwerani nawo ku phunziro lotsatira.

5. M'magulu a anthu anayi, konzani phunziro la mphindi 45 lotsata gawo 7, ndipo mmodzi aliphunzitse pamaso pa anzake.